Kagemu ka Jairos

"Munakakulunga m'nsalu yonyowa?" anafunsa Webster, wokonza mafoni pamsika wa Mfuwe, atatsegula kagemu ka m'manja.

"Kanali kutentha n'kumazima kokha," anatero Justina. "Botolo la madzi timaliziziritsa choncho."

"Aka si botolo, amayi. Madzi analowa. Kafa."

Justina anakatenga kagemu kakufako. Mwamuna wake Jairos, sikauti wa zinyama, anathyoka mwendo pothawa njati, ndipo adokotala anamuuza kuti agone masabata sikisi osaponda pansi. Kagemuko, kamene anamusiyira mlendo wina wa ku loji, ndi kamene kankamusunga pamphasa. Kakangozima, Jairos ankayamba kusuzumira pakhomo ndi kufunsa ndodo.

Justina anabwerera kunyumba mothamanga, akupemphera chamumtima kuti asakamupeze akutsimphina panja.

Anamupeza ali chigonere, pensulo ili m'manja, mapepala ali mbwee pamphasa.

"Atate a Given, kagemu kaja..."

"Kanali kachabechabe," Jairos anamudula mawu. "Batire la maawa awiri basi, ndipo fumbi likalowa mabatani amalimba. Anakapangira dziko lozizira. Taonani katsopano kamene ndikujambula. Sola kumbuyo, batire lochotsa ngati la tochi. Kanditengera masabata angapo aka kuti ndikamalize."

Justina anagwada n'kuloza pakona ya pepalalo.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Kathumba koikamo nsalu yonyowa, madzi osafika mkati." Jairos anapitiriza kujambula osadzutsa mutu. "Nzeru imeneyo ndi yanu, amake Given."