Mbira ya aChidzanja Ili Chigonere

Masiku amenewo chipatala sichinkapatsa munthu mankhwala chisanawayese pa mbira yake, yomwe inkadya zakudya zomwezo zimene mwini wake ankadya.

Matumbo a aChidzanja anali atatupa, a mbira yawonso chimodzimodzi. M'mawa dokotala anaibaya mankhwala ogonetsa, amene akuti amaphwetsanso kutupako. "Ikadzuka pofika masana, bambowa tiwabaya," anatero.

Dzuwa linafika paliwombo mbira ili chigonere m'lichero. Esinala, mkazi wa aChidzanja, ankangoigwiragwira pamtima, uku akumva mwamuna wake akubuula m'nyumba.

Mlamu wake anatulukira atafumbata mbira ina m'chitenje. "Alamu, tengani yangayi. N'zofanana, dokotala sazindikira."

"Nanga mankhwalawo akawagonetsa osadzukanso?"

"Nanga akapanda kubayidwa, afika mawa achimwenewa?"

Njinga yamoto ya dokotala inamveka kumsewu. Esinala analandira mbira ya mlamu wake naiika m'lichero, yogona ija n'kuibisa pachifuwa. Dokotala atalowa m'nyumba ndi jakisoni, iye anatsala pakhomo, akupempha chamumtima kuti kanthu kali m'bulauzi mwake kagwedezeke.