Chipinda Chapansi cha Apongozi

A Mapulani anadina batani, nyumba yawo yonse n'kunyamuka. Pa kompyutapo inangoti lende m'malere, mamita atatu kuchoka pansi, makatani ndi khonde zonse zili momwemo.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti kwa zaka makumi awiri akhala akujambulira anthu nyumba. Koma ya Loweruka limeneli inali yawoyawo, yamatabwa, yopanikizika ndi mpanda mbali zonse. Malo owonjezera chipinda panalibe. Njira inali imodzi: kuikweza ndi majeke, kuikhazika pa mizati, kunsi kwake n'kumangako chipinda chatsopano.

Chifukwa chake chinali apongozi. Ankabwera kudzakhala mpaka kalekale, ndipo a Mapulani ankawaopa, osati pang'ono. Ulendo watha anangocheza sabata imodzi, koma analanda mpando wa a Mapulani, rimoti ndi kapu yomwe. Ankagona m'kachipinda koyandikana ndi ka eni nyumba. M'mawa uliwonse ankatuluka maso ali psuu, n'kumawayang'ana akamwini awo ngati awabera kanthu, kenako n'kuyamba kuimba nyimbo zakutchalitchi mokweza. Mtendere wa a Mapulani tsono unali pa pulaniyi. Apongozi akhale pansi, iwo pamwamba, aliyense kwake.

Vuto linali lakuti mayiwo anali ndi mphamvu zawo, masitepe ankakwera awiriawiri. A Mapulani anayang'ana masitepe a m'kati amene anali atajambula, olumikiza pansi ndi pamwamba. Anawasankha, n'kuwafufuta mwakachetechete.

"Mwachotsa masitepe a m'kati?"

Anali akazi awo, ataima kumbuyo kwa mpando, tiyi ali m'manja, akuyasamula monga ankachitira masana aliwonse. A Mapulani anayankha msangamsanga.

"Amadya malo, mayi a ana. Wapansi azilowera khomo lakelake lakunja."

"Mwaganiza bwino," anatero akazi awo, n'kukoka mpando.

A Mapulani sanakhulupirire makutu awo. Anali atakonzekera mkangano wa masiku atatu, mayankho ataloweza kale. Polimba mtima, anakuza chithunzi cha siling'i ya chipinda chapansicho n'kuikamo zotchinga phokoso, akuganiza za nyimbo za m'mawa zija.

"Zimenezo phokoso silidutsa?" anafunsa akazi awo.

"Pang'ono chabe."

"Ikani kawiri."

Anaika kawiri, akudziluma mlomo kuti asaseke. Zoona mwana amawadziwa mayi ake.

Pa ntchito yawo, a Mapulani sankamaliza chipinda asanaimikemo kachidole ka munthu, koyesera ngati zitseko ndi mawindo zili pa msinkhu wabwino. Anakafupikitsa kuti kafanane ndi apongozi, amene ankawalekeza m'khwapa, n'kukayendetsa mpaka pakhomo. Kanadutsa bwinobwino.

"Katalikitseni," anatero akazi awo. "Chitseko sichiyeseredwa pa munthu wamfupi."

Anakatalikitsa.

"Onjezani. Onjezaninso. Basi, pomwepo."

Kachidole kanagunda mutu pa felemu. A Mapulani anakweza chitseko. Atakagoneka pa bedi, mapazi anatulukira kunja, ndiye bedi nalo analitalikitsa. Kenako akazi awo anapempha tebulo lalikulu pafupi ndi windo, ndi masoketi anayi pakhoma pake.

"Anayi onsewo a chiyani? Amayi ali ndi wailesi yokha."

"Ikani, bambo a ana. Kuchuluka kwa soketi sikunapwetekepo munthu."

Anaika. Akanapempha ngakhale khumi akanaika, bola masitepe aja asatchulidwenso. Anawonjezamo bafa ndi kakabati, kuti wokhala pansiyo asasowe kanthu komukwezera pamwamba. Apa akazi awo anawasisita paphewa, chinthu chimene anali asanachite kuyambira chaka chatha.

Dzuwa lisanapendeke pulani inali itatha. A Mapulani anaizunguza nyumbayo pa kompyuta, kuiona kutsogolo, kumbuyo ndi kunsi. Inali yokongola, ndipo anadzitamandira mumtima kuti nzeru zotere sukulu saphunzitsa. Poopa kuti wina angasinthe maganizo, anaitumiza nthawi yomweyo kwa womanga. Womangayo anayankha kuti waiona, zipangizo aitanitsa lero lomwe ndipo majeke afika Lolemba.

"Ndiye sizisinthikanso?" anafunsa akazi awo.

"Ngakhale msomali umodzi," anayankha a Mapulani, akudziwongola pampando.

Akazi awo anatenga foni n'kuimba, nkhope ili mwee.

"Amayi, zatheka. Inu mudzagona pamwamba pompano, m'kachipinda kanu komwe kaja. Bambo a ana adzijambulira okha chawo chapansi, siling'i yake kawiri. Mkonono wawo uja sitidzaumvanso, tonse tizigona."

A Mapulani anatembenukira pa kompyuta. Kachidole kaja kanali gone pa bedi lalitali, msinkhu wake ndendende wawo, ndipo masitepe okwerera pamwamba anali atafufuta okha.