Mthirakuwiri wa ku Area 3

Geti inagonja ndi voti imodzi. Imodzi yokha basi! A Levison Munthali anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Area 3, atavala jekete ngati akupita kumaliro, akudikira mthirakuwiri amene anawapereka.

Nkhani yake inali yotere. Khansala anapeza kandalama ka chitukuko, n'kuuza anthu a m'deralo kuti asankhe okha chochita nako. Zosankha zinali ziwiri: geti yachitsulo ndi kanyumba ka mlonda polowera mumsewu wawo, kapena kamlatho pa ngalande imene anthu amalumpha akamadutsa njira yachidule yopita kumsika ku Area 2. A Munthali, wapampando wa komiti ya m'deralo, ankafuna geti. Anaifunitsitsa mpaka analumbira pagulu kuti ikagonja, iwo atula pansi udindo. Tsopano yagonja.

Kale zoterezi kunalibe. Misonkhano inkachitikira pakhonde lomweli, azibambo ochepa okhala ndi magalimoto, ndipo a Munthali akangotsokomola kamodzi nkhani inkatha. Kenaka khansala uja anatsegula gulu la pa Watsapu. Aaa, munalowa aliyense! Ochita lendi m'nyumba zakuseri, amayi a mandasi, anyamata a kabaza. Ngakhale wowatchetchera kapinga anayamba kulemba kuti "sindikugwirizana nazo," dzuwa likuswa mtengo.

Iwo eni foni sankaigwira. Zaka zonse zimene anagwira ntchito ku Capital Hill anali ndi sekeletale, ndiye atapuma, ntchitoyo inagwera akazi awo, mayi Deborah. Bambo amalankhula akuyang'ana kumwamba, mayi amalemba. Bwana ndi bwana ngakhale ali pa penshoni.

Koma pa malamulo panalibe wowaposa. Mavoti a pa Watsapuwo asanayambe, wachiwiri wawo, a Maynard Kamwendo a nyumba yoyandikana nayo, anafunsa za anthu obwerekana mafoni. A Munthali anagamula pompo: "Nambala imodzi, voti imodzi. Wagwira foni ndiye wavota. Palibe apilo."

Kampeni anachitanso yokwana. Anayenda khomo ndi khomo, kugogoda paliponse pamene anaona galimoto pabwalo, ndipo onse analonjeza. Atawerengera bwinobwino anapeza kuti geti ipambana ndi voti imodzi. Ndiye ngati yagonja ndi imodzi, ndiye kuti munthu mmodzi anawasekerera masana n'kukadina kwina.

Munthuyo anali atamudziwa kale. Ndani wina amene wakhala akuusirira mpandowu chiyambire, kupatula Maynard? Ndani anaonedwa Lachiwiri m'mphepete mwa ngalande ija, akugula nthochi ndi kuseka ndi amayi ogulitsa? Munthu wamkulu kuseka mpaka mano onse pamtunda chifukwa cha nthochi!

Mayi Deborah anatuluka ndi thireyi ya tiyi, akutsimphina. Sabata yatha anaterereka pa ngalandepo akuchokera kumsika, tomato yense n'kupita ndi madzi. A Munthali anawapepesa ndithu, n'kuwalangiza kuti azizungulira kumsewu waukulu ngati anthu ena onse aulemu.

"Makapu awiri," anatero osawayang'ana. "Ngakhale Yudasi anadya nawo."

A Kamwendo anafika atavala masilipasi, akumwetulira. Kumwetulirako kunawapweteka a Munthali kuposa kugonja.

"Mwaswera bwanji, akulu?"

"Ndaswera monga mmene munafunira. Mpando ndi uwo, tengani. Koma mundiuze ndili moyo: amayi a nthochi aja anakulonjezani chiyani?"

"Ine? Akulu, ine ndinavotera geti. Matayala anabedwa aja si anali a galimoto yanga?"

"Pakamwa aliyense anavotera geti. Mwayi wanu ndi woti voti n'chinsinsi."

A Kamwendo anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. "Chinsinsi chake chiti? Kumeneku si kumalo ovotera a boma, akulu. Pa Watsapu ukadina apa, mayina onse amatuluka, yense ndi mbali yake."

Mtima wa a Munthali unadumpha ndi chimwemwe. Mbava yadzibweretsera yokha mboni! Anapukuta magalasi ndi tayi, n'kulandira foni ya mnzawoyo ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi wotentha.

Anayamba mbali ya geti. Pamwamba penipeni: Maynard Kamwendo. Anakhosomola, koma ulendo uno kukhosomolako sikunathetse kanthu. Anatsika nawo mayinawo. Adokotala a pakona analipo. Mayi a kubanki analipo. Onse amene analonjeza anali pomwepo, ndii, osasowa ndi mmodzi yemwe.

"Ndiye ndani?" anafunsa, mawu atachepa.

Anawolokera mbali ya kamlatho. Wa mandasi, wa kabaza, wotchetcha kapinga. Deborah Munthali analiponso, koma ameneyo sanawadabwitse. Voti ya mayi anali ataiwerengera kale kumbali ya kamlatho, poti anali asanawafunsepo. Chala chinatsetsereka mpaka pansi, n'kuima pa dzina lomaliza, limene linalowa mavoti atatsala pang'ono kutsekedwa.

Wapampando L. Munthali.

"Lamulo ndi lanu lomwe, bambo," anatero mayi Deborah akuthira tiyi. "Wagwira foni ndiye wavota, palibe apilo. Ndikuthirireni shuga angati?"