Namwali wa Chipewa Chachitali

Toinon anaponya chithunzicho patebulo la Mayi Bouvet, n'kutula pansi kamtolo ka zovala zake. Anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi mpaka m'tauni ya Chartres, nsapato zamtengo zili matope okhaokha.

"Mayi, munthu uyu ndikumufuna. Mundiuze dzina lake ndi kumene amakhala."

Mayi Bouvet, amene anatsala ndi sitolo ya zithunzi zodinda amuna awo atamwalira, anavala magalasi mosafulumira. Pachithunzipo panali namwali atakhala pampando, akupota ulusi wa ubweya wa nkhosa. Kumutu chipewa cha lesi chachitali ngati nsanja ya tchalitchi, paphewa mpango wamaluwa, diresi yofiira itachita kumata m'chiuno. Maso anali atazolika pansi mwamanyazi. Manyazi ake ati, wakuba amuna a eni!

Nkhaniyi inayambira pamsika. Firmin, mwamuna wa Toinon, wosula zitsulo, chimunthu cha ndevu zofika pachifuwa, anali asanagulepo chithunzi chiyambire, ngakhale cha woyera mtima. Koma tsiku lina ataona wamalonda atayala zithunzi zake, thukuta linangoti kamukamu. Anagula zonse za namwaliyo n'kuzilowetsa m'malaya. Kuyambira pamenepo wamalonda aliyense wodutsa pamudzi ankachoka wopanda chithunzi cha namwaliyo. Toinon anaupeza mulu wonsewo kuseri kwa matumba a makala. Atafunsa, bamboyo anachita chibwibwi, kenako n'kuyamba kumenya chitsulo chozizira.

Mayi wa anthu anayesetsa. Anasoka chipewa chonga chomwecho, n'kudzimanga m'chiuno mpaka mpweya kubanika. Firmin atamuona anagwetsa supuni. "Vula zimenezo, chonde," anatero. Mawuwo anamulasa Toinon mumtima. Ndiye kuti chipewacho chinali ndi mwini wake.

"Taonani mmene wagwirira kamtengo kopoterako!" anatero Toinon, chala chili pachithunzi. "Pangatuluke ulusi pamenepo? Ine ndayamba kupota mano asanaguluke. Ndiye andilande banja munthu wosadziwa n'kupota komwe?"

"Amuna akowo ndani, mwana wanga?"

"A Firmin Lecoq, osula zitsulo."

Mayi Bouvet analuma mlomo, n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Chithunzi chakale ichi," anatero. "Koma chimayenda malonda mpaka lero. Ngakhale madona a m'tauni muno amasoketsa zipewa poonera pomwepa."

"Za zipewa zisiyeni, mayi. Ali moyo?"

"Moyo ali nawo. Kungoti chiuno chija chinapita."

Pamenepo Toinon anamvako kukoma pang'ono. "Ali pabanja?"

"Ali pabanja. Ndipo zikuoneka kuti anapeza munthu waukali zedi."

"Zimukwane! Ali ndi pake, koma maso ali pa za anzake."

Ukali unathera pomwepo, misozi n'kulengeza. Chimunthu chakecho Toinon ankachikonda, ndi ndevu zake zonunkha utsizo, ndipo kuchisiya kunali kumuwawa. Komabe kugawana mwamuna ndi pepala, ayi. Ananyamula kamtolo kake.

"Ndikupita kwa mayi anga lero lomwe. Koma ndiyambe ndamuona maso ndi maso, chipewacho ndimudyetse."

Mayi Bouvet analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kugwira tebulo, anaseka mpaka kutsokomola, Toinon atangoti kakasi.

"Tula katunduyo, mwana wanga. Chaka chimene tinkajambula chithunzichi wansembe analetsa atsikana kujambulidwa, ati ndi uchimo. Malemu amuna anga anasowa mtengo wogwira. Ndiye tinatenga kamnyamata kamene kankatisakanizira utoto, ndevu zisanamere, n'kukaveka diresi yanga. Namwali wakoyo wamusiya kunyumba. Ndi Firmin."