Galimoto Yolizidwa ndi Munthu Mmodzi

Panali bambo wina, woyeza malo wopuma pa ntchito, amene anagwidwa ndi sitiroko Lachiwiri m'mawa, nyengo ya mvula yapitayi. Pakhomo pake panali galimoto yamphamvu, yodzaza mafuta, koma kuchipatala anafika dzuwa litapendeka. Nkhaniyi ndinaimva kwa makanika amene ankakonza galimotoyo, ndipo sindinaithire mchere.

Bamboyu ankakhala ndi mkazi wake kumapeto kwa msewu wafumbi, makilomita asanu ndi awiri kuchokera pa tala. Ana onse anali kutali. Zaka zinayi m'mbuyomo, mng'ono wake anamwalira akupita naye kuchipatala, kagalimoto komwe kanamunyamula katatitimira m'matope pamsewu womwewo. Atachoka kumaliro, bamboyu analumbira kuti zoterezi sizidzaonekanso pamtundu pake. Anagula galimoto yaitali, yokoka ndi matayala onse anayi, yodutsa pamene zinzake zimabwerera.

Ankaisamala ngati dzira. Kumbuyo kwake kunkakhala zigubu ziwiri za dizilo, fosholo, chingwe chokokera, bulangete ndi kabokosi ka mankhwala. Loweruka lililonse ankayang'ana oyilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala, n'kuiyendetsa kukafika pa tala ndi kubwerako. Aneba akaipempha kuti ithandize pamaliro kapena paukwati, ankayankha kuti, "Iyi si basi, ndi ya tsiku loipa." Anthu anasiya kupempha. Kenako anasiyanso kubwera kudzacheza.

Poopa akuba, bamboyu analumikiza yekha kaswichi kobisika. Usanakadine, ungapotokole kiyi mpaka dzanja kuwawa, injini osalira. Makanika ataona mawaya achilendo, anafunsa.

"Bwana, kaswichi kameneka mwakaika pati?"

"Ndikakuuzani ndiye kuti sikobisikanso."

"Ine musandiuze, amakanikafe pakamwa sipatsekeka. Koma mayi auzeni. Ndipo aphunzitseni kuyendetsa."

"Chinsinsi cha anthu awiri si chinsinsi, amisiri. Mangani mabawuti anuwo."

Mkazi wake, amene galimotoyo ankaitchula kuti mkazi mnzake, anayeserapo naye.

"Abambo, bwanji mundiphunzitseko? Ngakhale kungoitulutsa panja."

"Mayi, inu njinga yomwe inakukanikani. Ndiye muthane ndi chilombo ichi?"

"Nanga atadwala ndinu?"

"Ine ndinagula kuti ndizinyamula odwala," anatero akuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachiwiri limenelo mvula inali itagwa masiku atatu osakata. Bamboyu ananyamula kapu ya tiyi, kapuyo n'kumupulumuka. Pakamwa panapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zinafooka. Mkazi wake anathamangira kwa neba wawo, dalaivala wa lole, amene anali asanapondepo pakhomopo kwa chaka chathunthu. Nebayo sanakumbutse zakale. Anabwera akuthamanga, anagoneka wodwalayo kumpando wakumbuyo, n'kutenga kiyi m'thumba la thalauza lake.

Anapotokola kiyi. Timagetsi tonse tinayaka, koma injini inangoti zii. Anayesanso. Anatsika n'kugwedeza mawaya a batire. Palibe chinasintha.

"Mayi, pali pamene amagwira asanailize?"

"Sindikudziwa, achimwene. Amandituma kukatsegula geti. Ndikamacheuka imakhala yalira kale."

Bamboyu ankamva zonse. Ankadziwa pamene panali kaswichi, koma lilime linali litakana; kunkangotuluka kubuula. Anakweza dzanja lamanzere kuloza kutsogolo. Mkazi wake anaganiza kuti akuloza kumsewu, kuti afulumire. Analigwira dzanjalo, n'kulitsitsira pachifuwa pake.

"Limbani mtima, abambo, tikunyamuka pompano."

Nebayo anapapasa kunsi kwa chiwongolero, m'kabokosi kosungira mapepala ndi kumbali kwa giya, osapeza kanthu. Anaimbira makanika, amene anali kutsidya kwa mtsinje wosefukira ndipo malo a kaswichiko sankawadziwa. A ambulansi anati iwo angathe kufika pa tala pokha. Ola lathunthu litatayika, anatenga bulangete lija ndi mitengo iwiri n'kupanga machira. Amuna anayi, ena mwa iwo omwe anamanidwa galimotoyo pamaliro a abale awo, ananyamula wodwalayo m'matope ofika m'mawondo mpaka pa tala.

Dokotala anati akanafika m'maola oyambirira, mwina zambiri zikanapulumuka. Anati mwina, ndipo ine sindiwonjezerapo.

Patatha milungu iwiri, madzi ataphwa, makanika anapita kunyumbako. Kaswichi anakapeza m'mphindi khumi, pansi pa mpando wa dalaivala, kuseri kwa kachitsulo kosunthira mpandowo. Anakadina, n'kupotokola kiyi kamodzi kokha. Galimoto inalira bwinobwino. Inalibe vuto lililonse.

Bamboyu ali moyo. Amayenda pang'ono ndi ndodo, koma mawu sanabwerere. Mkazi wake akuphunzira kuyendetsa, ndipo akumuphunzitsa ndi neba uja. Masana akatuluka ndi galimoto, bamboyu amatsala yekha pakhonde mpaka abwere.

Phunziro: Kukonzekera tsoka kumene kuli m'mutu mwa munthu mmodzi si kukonzekera. Pamene muika kiyi, manambala achinsinsi ndi mapepala ofunika, pakhale wina wa m'nyumba wodziwapo, ndipo chimene inu mumatha, mnzanu aphunzirenso. Tsiku loipa likhoza kuyambira pa inu amene. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka kwa uja amakonda kunena kuti zonse ali nazo m'manja.