Paketi Yotuwa

Chiyambire pamene golosale ya m'mudzi inayamba kugulitsa ndi makina, banja lililonse linaikidwa m'gulu malinga ndi zomwe limagula, ndipo katundu ankatuluka m'paketi ya mtundu wa gululo. Mabanja a makanda ankalandira yachikasu, alimi yobiriwira. A Gwetsani ndi akazi awo, a Nankhoma, anali a yobiriwira zaka zonsezi.

Koma kwa miyezi itatu a Gwetsani ankangogula ufa wa phala, sopo ndi mankhwala opha ululu. Lachiwiri lina makinawo anawatulutsira shuga m'paketi yotuwa, ya mabanja oyembekezera maliro, n'kuwafunsa mwaulemu ngati angafunenso nsalu yoyera.

"Wakuuza ndani kuti kwathu kuli maliro?" anatero a Gwetsani. 

Atafika kunyumba anazembera kuseri kwa nkhokwe, n'kukhuthulira shugayo m'paketi yakale yobiriwira. Yotuwayo anaikwirira kudzala.

A Nankhoma, ali gone pamphasa, anaitembenuza paketiyo ndi zala zawo zowonda.

"Bambo, iyi si ija ndinaimanga ndi ulusi mwezi watha? Atisamutsa gulu, eti?"

"Makina abodza amenewo. Anapangidwa ndi anthu osadziwa ndi khasu lomwe."

Kenako mayiwo anati:

"Mawa mukagule mbewu ya mtedza, makilo awiri. Aone kuti m'nyumba muno muli munthu woti adzadzale."

Kutacha a Gwetsani anapita. Mtedzawo unatulukanso m'paketi yotuwa. Panjira anaukhuthulira m'chipewa chawo, n'kulowa nacho m'nyumba mutu uli pamtunda.

A Nankhoma anayang'ana chipewacho. Za paketi sanafunse. Anadzuka movutikira, n'kuyamba kusankha njere zabwino.