Dzanja la Alamu pa Voti ya Tchuthi

"Amene akuti tilangize boma liwonjezere tchuthi cha amayi obereka, akweze dzanja," anatero wapampando.

Mayi woimira ogwira ntchito anakweza lake, koma maso anali tsidya lina la tebulo, pa alamu ake, oimira eni mafakitale. Bungwe lolangiza bomali silitumiza mawu kwa nduna pokhapokha onse atagwirizana, ndipo m'mawa wonse alamuwo anali atakana kwamtuwagalu, amvekere makina sadikira khanda.

Komatu dzulo lake mayiyu anadzionera yekha. Mwana wamkazi wa alamu akewo atathamangira kuntchito, bulauzi itanyowa ndi mkaka, alamuwo anatsala akuzungulira pabalaza ndi kamdzukulu kolira, tayi ili paphewa, akuimba nyimbo yopanda mutu.

Nanga lero pampando wa alamuwo pakhala ndani, bwana kapena agogo?

Dzanja la alamu linanyamuka pang'onopang'ono, kufika pakhutu, n'kuyamba kukanda.

Wapampando anavula magalasi. "Pepani bambo, kumeneko n'kuvomera kapena n'kuyabwa?"

"Alamu," mayi uja anafunsa motsitsa mawu, "kodi mwana uja anatonthola?"

Dzanjalo linasiya khutu n'kupitirira m'mwamba.